Mabuku onena za moyo wa achinyamata asatsekeredwe m'kabati

Mkangano wa mabuku amene ana a sukulu ayenera kuwerenga suzilala, umangogona n'kudzukanso. Ambiri tikukumbukira za mu 2017, pamene Unduna wa Zamaphunziro udachotsa buku la Kusintha Maganizo ndi Nkhani Zina pa mndandanda wa mabuku a Chichewa a ku sekondale, a mpingo wa Katolika atadandaula ndi nkhani imodzi ya m'bukumo yokamba za wansembe ndi sisitere. Alembi adakwiya, ena adaomba m'manja. Ku America nkhani yomweyi yafika pena: bungwe la alembi la PEN America lidawerenga maulendo oposa 10,000 amene mabuku adachotsedwa m'sukulu za boma m'chaka cha maphunziro cha 2023 mpaka 2024 chokha, ndipo ambiri mwa mabukuwo ndi nkhani zolembera achinyamata. Kwathu kuno zimachitika mwakachetechete. Kholo lapeza buku m'chikwama cha mwana, lawerenga masamba atatu, lathamangira kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo mawa lake bukulo latsekeredwa m'kabati.

Maganizo anga ndiwanena poyera kuyambira pachiyambi. Nkhani zopeka zonena za moyo wa achinyamata monga momwe ulili, zokamba za chibwenzi, mimba za pasukulu, zidyamakanda, chamba, likasa, nkhanza za pakhomo ndi maganizo ofuna kudzipha, n'zoyenera ana a ku sekondale, ndipo malo ake ndi m'laibulale ya sukulu komanso m'kalasi momwe, mphunzitsi ali pomwepo. Buku tisaliweruze poona mutu umene lakhudza, koma poona momwe laukhudzira. Kodi likunena zoona? Kodi likumulemekeza mwana wowerengayo? Kodi likufika naye mpaka pa zotsatira za zomwe anthu a m'nkhanimo achita? Buku loyankha bwino mafunso amenewa likugwira ntchito yomweyo imene kholo likufuna igwirike.

Tisanakangane za mabuku, tiyambe tagwirizana za ana amene tikuwanenawo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali oyembekezera, ndipo amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. N'chifukwa chake mu 2017 momwemo, chaka chimene tinkakangana za buku lija, Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 atengedwe ngati mwana ndipo asalowe m'banja. Kuyambira mu 1993 tili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Tanthauzo lake n'lakuti m'kalasi la Fomu 3 lero mukhoza kukhala mtsikana amene nthawi yopuma ikakwana amathamangira kumpanda kukayamwitsa. Ndiye tikamati iyeyu ndi anzake okhala naye benchi imodzi sayenera kuwerenga nkhani ya mtsikana wotenga mimba chifukwa akadali ana, tikunena ana a kuti?

Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 2 pa sukulu ya CDSS yomwe ili kutali ndi kwawo. Akuchita lendi kachipinda kuseri kwa golosale limodzi ndi anzake awiri, kuphika okha, kuchapa okha. Ufa umene adabwera nawo watsala pansi pa thumba, sopo watha, mwini nyumba wayamba kukumbutsa za lendi mmawa uliwonse. Bambo wa pagolosaleyo, munthu wolemekezeka amene amamuitana kuti "mwana wanga", wamupatsa shuga ndi sopo n'kunena kuti adzalipira akadzapeza. Sabata yotsatira wamugulira mayunitsi. Palibe choipa chimene wanena. Mtsikanayu sangauze mayi ake chifukwa palibe chouza, ndipo buku la Life Skills lomwe akuloweza pokonzekera mayeso lili ndi mndandanda wa matenda opatsirana pogonana, koma mulibe bambo wa pagolosale. Nkhani yopeka yolembedwa bwino ndiyo ili naye bambo ameneyu. Imamuonetsa kuyambira pa paketi yoyamba ya shuga mpaka tsiku limene adzati ngongole ija ibwezedwe mwa njira ina, ndipo wowerengayo amafika pa tsamba limenelo ngongole yake isanakule.

Tsono otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si anthu oipa mtima. Ambiri ndi makolo amene adagulitsa mbuzi kuti mwana aphunzire. Mfundo yawo yoyamba ndi yakuti mwana amatengera zomwe waona. Akawerenga za anyamata osuta chamba kuseri kwa hositelo adzafuna kulawa, akawerenga za chibwenzi adzafuna chake. Kuti mwana amatengera, n'zoona ndithu. Koma tifunse kuti amatengera kuti. Kafukufuku yemwe uja adaonetsa kuti mimba za atsikana n'zochuluka kumidzi kusiyana ndi m'tauni, ndiponso n'zochuluka kwambiri pakati pa atsikana amene sadapite patali ndi sukulu. Ndiye kuti vutoli lakula kwambiri kumene kulibe laibulale, pakati pa ana amene sadagwirepo buku la nkhani. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, mimba ndi maukwati a ana zidachuluka moti boma lomwe lidadandaula, ndipo nthawi imeneyo ana adali kutali ndi mabuku kuposa kale lonse. Kuwonjezera apo, mwana wa lero sakudikira buku kuti aone zolaula. Zili pa foni ya mnzake, zikuyenda pa WhatsApp, zikuonetsedwa m'tinyumba ta kanema pamsika tomwe chitseko chake ndi chiguduli. Kusiyana kwake n'kwakuti kanema wa pa foni amaonetsa thupi lokha kwa mphindi ziwiri, pomwe buku limakulowetsa m'mutu mwa munthuyo n'kukukhazikamo masamba 200: mantha ake ataona kuti mwezi wadumpha, bodza loyamba kwa mayi ake, mnyamata uja atayamba kuzemba njira. Choncho tikachotsa buku sitinamuteteze mwana ku nkhaniyo, tangomuchotsera mbali yokhayo imene imanena za mawa lake.

Ena amabwera ndi nkhani ya chikhalidwe. Amati za kuchipinda ndi za kutha msinkhu zili ndi eni ake: azakhali, agogo, anamkungwi, alangizi a kumpingo. Sizikambidwa pabwalo, ndipo mphunzitsi wamwamuna kuima kutsogolo kwa atsikana n'kumawerenga za mimba ndi kulaula. Ulemu umene uli m'maganizo amenewa ndikuumvetsa, ndipo sindikufuna kuti buku lilande malo a azakhali. Komabe, chikhalidwe chomwechi ndicho chidatiphunzitsa kulangiza ana kudzera m'nkhani. Nthano zomwe tinkamva madzulo, agogo akati "padangokhala" ife n'kuyankha kuti "tili tonse", sizidali zofewa ayi. Mudali ana amasiye ozunzidwa ndi mayi owapeza, mudali njala yochititsa bambo kubisira ana ake chakudya, mudali mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi n'kukwatiwa ndi mlendo wooneka bwino amene usiku ankasanduka chilombo. Imeneyo ndi nkhani ya chidyamakanda, ndipo makolo athu ankaikamba kwa ana osatha n'komwe msinkhu, podziwa kuti chenjezo lobwera m'nthano limakhazikika kuposa lobwera ndi mkwapulo. Chomwe chasintha lero ndi bwalo lokambirapo. Mwana wosankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko amachoka pakhomo ali ndi zaka 13 kapena 14, ndipo miyezi yambiri ya chaka amakhala kumeneko. Bambo ali ku Johannesburg, mayi ali pa geni kuyambira mbandakucha, azakhali ali boma lina. Ndipo ngakhale onsewa atakhala pafupi, pali zinthu zomwe mwana sanganene m'dzina lake. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Buku limam'patsa mwana wamanyaziyo potulukira. Sanganene kuti "amalume amandigwiragwira", koma akhoza kukweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mtsikana wa m'nkhaniyu akadauza ndani?" Mphunzitsi watcheru amamva funso lenileni lomwe labisala pansi pa funsolo.

Kenaka pali mfundo imene idagwetsa buku lija mu 2017, ya ulemu wa akuluakulu ndi mabungwe awo. Amati nkhani yoonetsa wansembe, m'busa, shehe, mfumu kapena mphunzitsi akuchita zoipa imachotsa chikhulupiriro cha ana mwa anthu amene ayenera kuwamvera, ndipo imanyozetsa gulu lonse chifukwa cha munthu mmodzi wongopeka. Mpingo uliwonse uli ndi ufulu wodandaula ukaona kuti wanyozedwa, makamaka poganizira kuti mipingo ndiyo idayamba kumanga sukulu m'dziko muno boma lisanalowererepo. Koma apa ndi pamene ndikusiyana nawo kwambiri. Anthu ogwira ntchito yoteteza ana amabwerezabwereza mfundo imodzi, yakuti kawirikawiri mwana sazunzidwa ndi mlendo wobisala patchire, amazunzidwa ndi munthu amene amamudziwa ndi kumukhulupirira. Ngati mabuku onse amene timapatsa ana akuonetsa kuti wamkulu aliyense waudindo ndi wolungama, ndiye kuti tikumuphunzitsa mwana kudzikayikira yekha tsiku limene mphunzitsi adzamuuze kuti abweretse makope kunyumba madzulo. Nkhani ya mphunzitsi mmodzi woipa sinyozetsa aphunzitsi onse. Aphunzitsi abwino, omwe ndi ochuluka, ndiwo amapindula ana akadziwa kusiyanitsa. Ndiponso tisaiwale kumene njira yotseka mabuku pofuna kuteteza ulemu wa akuluakulu idatifikitsa. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, lomwe lidaletsa mabuku mazanamazana m'nthawi ya chipani chimodzi. Jack Mapanje adamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, buku lake la ndakatulo litachotsedwa kale m'masitolo ndi m'sukulu. Sindikunena kuti kholo lodandaula ndi buku likufanana ndi apolisi a nthawi imeneyo. Ndikunena kuti dziko lomwe lidadutsa m'zimenezo liyenera kudzidzimuka likaona buku lonse likuchotsedwa chifukwa cha nkhani imodzi.

Pa mfundo yomweyi pali china chimene chimandivutitsa maganizo. Kwa zaka zambiri ana athu adalemba mayeso a MSCE pa sewero la Romeo and Juliet la William Shakespeare. M'sewerolo mtsikana sadakwanitse zaka 14, akwatiwa mobisa makolo osadziwa, anyamata akuphana pamsewu ndi malupanga, ndipo pamapeto awiriwo adzipha. Tidaliphunzitsa, ndipo tidachita bwino, chifukwa lidapereka mwayi wokambirana za chidani cha mabanja ndi kupupuluma kwa achinyamata. Nanga bwanji nkhani yofanana nayo ikalembedwa m'Chichewa, mtsikanayo akakhala wa ku Ntcheu ndipo mnyamatayo wa kabaza, timati yalaula? Ngati chotiopsa n'chakuti m'Chichewa mwana amva bwinobwino mawu alionse, ndiye kuti tikuopa kumvetsa kwa mwanayo, pomwe kumvetsa ndiyo ntchito imene tidamutumizira kusukulu.

Za ndalama ndi nthawi n'zosavuta kuyankha. Amati sukulu zathu zilibe ngakhale mabuku a masamu okwanira, ana akulimbirana buku limodzi, ndiye tiwonongerenji pa nkhani zachikondi? Kusowa kwa mabuku n'koona. Koma satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa amene walephera Chingerezi, ndipo chilankhulo chilichonse, kaya Chingerezi kaya Chichewa, sichilowa m'mutu poloweza malamulo a galamala okha. Chimalowa powerenga masamba ambiri mwa kufuna kwako. Amene adaphunzira m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akukumbukira timabuku ta Pacesetters, momwe tinkayendera m'manja mwa kalasi lonse mpaka chikuto kuthothoka, ena akuwerengera pansi pa desiki nthawi ya prep. Ambiri chizolowezi chowerenga adachitengera pamenepo, ndipo chizolowezi chomwecho ndicho chimathandiza mwana kumvetsa funso la Biology kapena la History. Palibe mwana amene amayamba kukonda kuwerenga ndi buku losamukhudza.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndaisungira kuno, ndipo pa iyi otsutsa ndikuwavomereza theka lake. Amati m'kalasi muli ana ovulala kale mumtima. Wina adagwiriridwa, wina bambo ake adadzimangirira chaka chatha, wina akuganiza zomwezo iye mwini. Buku lofotokoza zinthu zotere mwatsatanetsatane likhoza kumuvulaza kawiri. Izi si zongoganizira. Akatswiri a za maganizo, kuphatikizapo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, amachenjeza kuti kufotokoza njira yodziphera, kapena kuonetsa kudzipha ngati yankho la mavuto, kungakope ena amene afooka kale. Mu 2019 kampani ya Netflix idachita kudula gawo loonetsa kudzipha m'sewero lake lina lotchuka, lochokera m'buku la achinyamata, akatswiri atadandaula kwa nthawi yaitali. Kwathu kuno, kumene apolisi akhala akulengeza za kukwera kwa chiwerengero cha anthu odzipha m'zaka zapitazi, chenjezo limeneli sitingalinyozere. Choncho si buku lililonse lotchedwa la achinyamata lomwe liyenera kulowa m'sukulu. Lilipo lolembedwa kuti lingodzutsa chilakolako, lilipo losandutsa nkhanza kukhala zosangalatsa, lilipo lomwe mtsikana amakwatiwa ndi bwana wolemera amene adamuzunza, wolembayo n'kumati ndicho chikondi. Amenewa akanidwe, ndipo chifukwa chowakanira n'chakuti ndi abodza. Koma kupezeka kwa mabuku abodza kukutiuza kuti tisankhe bwino, sikukutiuza kuti titseke mutu wonsewo. Mwana amene akuganiza zodzipha sathandizidwa ndi chete wa akuluakulu. Chomwe chingamuthandize ndi nkhani ya munthu wofanana naye amene adafika pothera nzeru, n'kuuza wina, n'kukhalabe ndi moyo.

Kusankhako kuli ndi njira zake, ndipo sizofuna ndalama zambiri. Mwana wa Fomu 1 si wa Fomu 4, choncho buku lina likhoza kudikira zaka ziwiri pa shelefu ya makalasi akuluakulu. Mphunzitsi asapereke buku lomwe iye mwini sadaliwerenge mpaka kumapeto, ndipo asanayambe mutu wovuta awauze ana zomwe zikubwera, kuti amene sangakwanitse asankhe buku lina popanda kufunsidwa chifukwa. M'kati mwa chikuto mulembedwe nambala ya 116, yomwe ana amaimba mwaulere akakhala pa mavuto. Amayi a Mother Group ndi a komiti ya makolo apatsidwe bukulo awerenge lonse, osati ndime imodzi yojambulidwa pa foni, chifukwa ndime iliyonse ikachotsedwa pamalo pake imaoneka yoopsa. Nkhani ya Davide ndi mkazi wa Uriya, kapena ya Amnoni ndi mlongo wake Tamara, zili m'Baibulo lomwe timagulira ana athu ndi manja athu, ndipo timadziwa kuti ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zomwe zidatsatira. Kholo lili ndi ufulu wonse wonena kuti mwana wanga asawerenge ili. Ufulu umene lilibe ndi wonena kuti ana a anthu ena onse asaliwerenge.

Atsala ndi amene amati mabuku ambiri a mtundu umenewu ndi akunja, odzaza ndi makhalidwe a ku London ndi New York. Awa akunena zoona, ndipo apa ndi pamene pali ntchito yathu yeniyeni. Mabuku ambiri obwera ngati mphatso amakamba za ana okhala ndi chipinda chawochawo, oyendetsa galimoto pa zaka 16. Mwana wa ku Nsanje akhoza kutolamo kanthu, pakuti mantha ndi chikondi n'zofanana kulikonse, koma sadzipezamo. Nawo mabuku athu a Chichewa ambiri amalankhula ndi mawu a munthu wamkulu wolangiza, moti mtsikana akatenga mimba koyambirira timadziwiratu kuti kumapeto amwalira kuti phunziro limveke. Ana amazindikira msanga ulaliki wobisala m'nthano, ndipo bukulo amalitseka. Tikusowa nkhani zolembedwa m'mawu a mwana mwiniyo, m'Chichewa chomwe amalankhula ku hositelo: za mnyamata wa Fomu 1 amene akuchapira a Fomu 4 zovala usiku, za mtsikana amene wabwerera kusukulu khanda ali kwa agogo ndipo anzake akumutcha "mayi", za mwana wachialubino amene amaopa kuyenda yekha pochokera kusukulu, za amene wakhoza bwino koma fizi yasowa. Kuti nkhani zimenezi zilembedwe, Unduna pamodzi ndi bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi, lomwe limaunika mabuku a m'sukulu, alengeze poyera miyezo yomwe amatsata pa mitu yovutayi, kuti wolemba adziwe malire asanayambe, ndiponso kuti dandaulo likabwera liyesedwe pa miyezoyo m'malo moyesedwa ndi kukula kwa mawu a wodandaulayo. Osindikiza sangaike ndalama pa buku lomwe lingachotsedwe ndi kalata imodzi litasindikizidwa kale. Mantha amenewo akapitirira, alembi athu apitiriza kulemba zosakhumudwitsa aliyense, ndipo ana a Fomu 4 apitiriza kuwerenga za moyo wawo pa Facebook, zolembedwa ndi aliyense amene ali ndi bandulo, popanda mphunzitsi kapena kholo woti akambirane naye.